Foni ilibe mbale, koma imatha kukondera

Mawu akuti "foni ilibe mbale" afala m'magulu a chipereganyu ndi banki mkhonde, kuyambira ku Chileka mpaka pa msika wa Lirangwe. Akuti maere a timapepala m'chipewa ndi achikale: ingotsegulani pulogalamu, isankhe woyamba kulandira, mkangano uthere pomwepo. Ife tikukana. Zoonadi foni sidziwa mlamu wa mlembi, koma kukondera kwake kumabisala m'masamu.

Kompyuta ikauzidwa kusankha dzina limodzi pa mayina 100, imayamba yatola nambala ya muyeso wake, tinene imodzi mwa 256, kuyambira 0 mpaka 255. Wolemba pulogalamu waulesi amangogawa nambalayo ndi 100 n'kutenga yotsala. Apa ndiye pagona nkhani. 100 amalowa kawiri mu 256, n'kutsala 56. Choncho mayina 56 oyambirira ali ndi njira zitatu zotulukira, pamene 44 enawo ali ndi ziwiri zokha. Mayi amene analembedwa kumunsi kwa kaundula wadyeredwa masuku pamutu popanda womuda.

Mankhwala ake ndi odziwika: nambala ikagwa pa 200 kapena kupitirira, itayidwe, itoledwe ina. Ena ankawiringula kuti kuchita bwino chonchi kumachedwetsa makina, poti kugawa ndi ntchito yolemera kwa kompyuta. M'chaka cha 2019 Daniel Lemire wa ku Canada anasindikiza njira yochulukitsa m'malo mogawa, yachangu komanso yosakondera, ndipo zilankhulo zolembera mapulogalamu monga Go ndi Swift zinaitenga. Chowiringulacho chinathera pomwepo. Koma kapulogalamu kaulere kamene mwana wanu wakuikirani m'foni, mukudziwa kuti kanatsata njira iti?

Tisakokomeze. Mapulogalamu ambiri masiku ano amatola pa manambala oposa 4 biliyoni, ndipo pa gulu la anthu 20 kupendekerako n'kochepa moti simungakuone. Choopsa chenicheni ndi chala. Munthu atha kudina ali kwawo kakhumi, mpaka dzina lomwe akufuna lituluke, n'kujambula chotsatiracho, n'kutumiza pa WhatsApp. Chithunzicho sichinena kuti anadina kangati.

Ngati gulu lasankha foni, mayina ndi manambala ake awerengedwe mokweza kaye, aliyense amve nambala yake. Foniyo aigwire munthu wosayembekezera kulandira, ndipo adine kamodzi, onse akuona.