Kompyuta yakale ili ngati mjigo: tiphunzire kuikonza tokha

Awerengi, sabata ino tikambe za makina amene angokhala pakona m'maofesi, m'masukulu ndi m'zipatala zathu atafunditsidwa chitenje. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft ya ku Amereka inaleka kusamalira Windows 10, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa makompyuta ambiri. Tanthauzo lake n'lakuti mipata imene akuba ndi mavairasi amalowera siikutsekedwanso, pokhapokha mwini makina atalembetsa mwapadera kuti amuonjezere kanthawi. Windows 11, imene inalowa m'malo mwake, imakana kukhala m'makina ambiri akale. Zotere si zachilendo ai. Windows XP inasiyidwa m'chaka cha 2014, ndipo Windows 7 inasiyidwa mu 2020.

Munthu wa ku Maputo atha kungolowa m'sitolo n'kugula ina. Nanga ife a ku Fingoè, Chiputo, Malowera ndi Chipera? Kuno kompyuta imabwera kamodzi, mwina ndi bungwe, mwina ndi mwana amene akugwira ntchito ku Joni. Ikakana, aphunzitsi amabwerera kolemba mayeso pabolodi, ndipo mlembi wa gulu la alimi amabwerera ku kope lodyedwa ndi chiswe. Komatu kawirikawiri makinawo amakhala asanafe. Chatopa ndi pulogalamu yokha, ndipo pulogalamu imasinthidwa.

Kuti timvane bwino, tiyambe tapita ku mjigo. Mijigo yambiri kuno ndi ya mtundu wa Afridev. Mjigo umenewu unayambira ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kenaka n'kukamalizidwira ku Kenya. Amene anaukonza sanabise mapulani ake. Fakitale iliyonse yodziwa ntchito ili ndi ufulu woupanga, ndipo anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuumasula ndi sipanala imodzi, kusolola ndodo zake n'kusintha malabala otha. N'chifukwa chake pali makomiti a mjigo. Pamudzi pamene komiti ili maso, madzi satha. Pamene anthu amangodikira wa ku boma, amayi amabwerera kudambo.

Ku makompyuta nakonso kuli Afridev wake. Nkhani inayamba m'chaka cha 1969 ku Bell Labs, ku Amereka, kumene a Ken Thompson ndi a Dennis Ritchie anakonza pulogalamu yoyendetsa makina yotchedwa Unix. Inali yolimba, koma inali ndi eni ake. Mu 1983 a Richard Stallman anayambitsa ntchito ya GNU, yofuna kupanga pulogalamu yonga Unix imene aliyense angaigwiritse ntchito, kuwerenga mmene inalembedwera, kuisintha ndi kugawira anzake. Tsono mu Ogasiti 1991 mnyamata wa zaka 21 wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, Linus Torvalds, analengeza kuti akulemba mtima wa pulogalamu yotere. Ndiye Linux ameneyu. Palinso abale ake ochokera ku yunivesite ya California ku Berkeley: FreeBSD ndi NetBSD a 1993, ndi OpenBSD wa 1995, amene anayambitsidwa ndi a Theo de Raadt, mbadwa ya ku Pretoria.

Linux ali ngati ufa: umodzi womwewo, koma ophika ndi ambiri. Gulu lililonse limatenga mtimawo, kuonjezerapo mapulogalamu olembera, owerengetsera ndi oonera zithunzi, n'kuupatsa dzina. Debian anayamba mu 1993. Ubuntu anatuluka mu Okutobala 2004, ndipo anamuyambitsa ndi a Mark Shuttleworth a ku South Africa. Dzinalo musalione lachilendo, ndi mau omwe aja timati umunthu.

Wina anena kuti izi n'za azungu. Ai ndithu, Linux muli naye kale m'thumba. Foni iliyonse ya Android, kaya muli khadi la Movitel, Vodacom kapena Tmcel, mtima wake ndi Linux. Ku Malawi, kuyambira mu 2001, a Baobab Health anaika makina ongogusa ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, olembera odwala, ndipo makina awo a pambuyo pake ankayendera Linux. Kuno kwathu ziwerengero za m'zipatala zimasonkhanitsidwa mu SIS-MA, imene inamangidwa pa DHIS2, pulogalamu yosabisa malemba ake yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway.

Tsono tione kaikidwe kake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho musathamange.

Choyamba, pemphani chilolezo. Ngati makinawo ndi a sukulu, a chipatala kapena a ofesi ya boma, si anu. Kambiranani ndi akuluakulu, ndipo funsani ngati muli pulogalamu ina imene boma linalamula kuti izigwiritsidwa ntchito. Mapulogalamu opangidwira Windows sangoyenda okha pa Linux. Ngati ntchito ya ofesiyo yatsamira pa pulogalamu yotero, makinawo asiyeni mmene alili.

Chachiwiri, samutsani katundu. Makalata, mayina a ana asukulu, zithunzi, zonse zikopereni pa fulashi kapena pa disiki ina, kenaka kazitseguleni pa makina ena kuti mutsimikize kuti zapitadi. Kuika Linux pa disiki yonse kumafufuta chilichonse chimene chinalipo. Munthu satentha tchire nkhokwe ili momwemo.

Chachitatu, sankhani mtundu wolingana ndi mphamvu ya makina. Kwa makina akale, Lubuntu, Xubuntu kapena Linux Mint Xfce ndiwo opepuka. Linux Mint amafuna RAM ya magiga 2, koma amayenda bwino pa magiga 4. Sankhani mtundu wosamaliridwa nthawi yaitali. Kwa Ubuntu umenewu umalembedwa kuti LTS, ndipo umatuluka mu Epulo pakatha zaka 2 zilizonse. Fayilo yake ndi yaikulu, pafupifupi magiga 3 kwa mitundu yopepukayi, choncho mamega a pafoni angakuthereni panjira. Nzeru ndi yotuma amene akupita ku Tete kapena kutsidya ku Petauke kuti akaitsitse kumene netiweki ndi yamphamvu. Fulashi imodzi ikwanira makina a boma lonse la Maravia, ndipo kubwerekana kwake si kuba. Lamulo la pulogalamuyi limalola.

Chachinayi, konzani fulashi ya magiga 8. Kungoponyamo fayiloyo sikuthandiza. Pamafunika kapulogalamu konga Rufus kapena balenaEtcher kamene kamailemba mwa njira yoti makina adzukirepo. Fulashiyo ikhale yopanda kanthu chifukwa nayonso imafufutika.

Chachisanu, lawani musanagule. Zimitsani makina, lowetsani fulashi, yatsani, ndipo nthawi yomweyo dinizani batani losankhira podzukira. Pa Dell ndi Lenovo kawirikawiri ndi F12, pa HP ndi F9 kapena Esc. Linux adzuka kuchokera pa fulashipo osakhudza disiki yanu. Apa yesani zonse: kiyibodi, mau, intaneti, makamaka pulinta. Pulinta ikakana pano, dziwani kuti mwina idzavutanso mukamaliza.

Mukakhutira, dinizani poikira. Mufunsidwa chinenero, ndipo Chipwitikizi ndi Chingerezi zilipo. Mufunsidwa mtundu wa kiyibodi, dera la nthawi, limene ndi Maputo, dzina lanu ndi mau achinsinsi. Mudzafunsidwanso ngati mukufuna kufufuta disiki yonse kapena kusiya Windows pambali pake. Werengani kawiri funso limeneli. Ntchitoyi ichitike batire litadzaza, kapena masana dzuwa lili pamutu ngati mumadalira sola, chifukwa magetsi akathima pakati muyambiranso. Mau achinsinsi asakhale m'mutu mwa munthu mmodzi. Alembedwe, aikidwe mu envulopu, asungidwe ndi mkulu wa pamalopo. Aphunzitsi ndi anamwino amasamutsidwa, ndipo makina ambiri amagona chifukwa amene ankadziwa mauwo anapita nawo ku Angónia.

Mukatha mupezamo LibreOffice, yolembera makalata ndi kuwerengetsera ndalama, imene imatsegulanso mafayilo a Word ndi Excel. Mavairasi aja a m'mafulashi, amene amabisa mafayilo a anthu, pa Linux sagwira ntchito. Pamene palibe netiweki, kapulogalamu ka Kiwix kamalola ana kuwerenga Wikipedia yosungidwa m'makina momwemo.

Koma walira mvula walira matope. Linux nayenso amadwala, ndipo matenda ake ofala kuno ndi awa.

Makina akamaonetsa tsiku lolakwika, chaka cha kalekale, n'kumakana kutsegula zinthu pa intaneti, vuto si Linux. M'kati mwa makina muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, kamene kamasunga nthawi. Kakatha, sinthani. Ogulitsa mabatire a mawotchi amakhala nako.

Makina akakana kuona Wi-Fi, lumikizani foni ya Android ndi chingwe cha USB, n'kuyatsa pafonipo pogawira intaneti kudzera pachingwe. Linux amaizindikira yekha. Mukatero mutha kutsitsa kapulogalamu kosowako koyendetsa Wi-Fi.

Magetsi akathima mwadzidzidzi, nthawi zina makina amadzuka ndi sikirini yakuda yodzaza malemba. Musachite mantha, ndipo musalole munthu kuthamangira kufufuta zonse. Kawirikawiri malembawo amakhala akunena kuti disiki iyenera kuunikidwa ndi lamulo lotchedwa fsck, ndipo amatchula ndi dzina la chigawo chodwalacho. Jambulani malembawo ndi foni musanakhudze kanthu. Amene mukamufunse adzafuna mau enieniwo, osati kungomuuza kuti yakana. Kuchipatala sitingonena kuti ndadwala, timaloza pamene pakupweteka.

Makina akamazima okha pakati pa ntchito, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ganizirani kutentha ndi fumbi. Zimitsani, chotsani kumagetsi, pukutani timabowo totulukira mpweya ndi kabulashi kouma. Laputopu isaikidwe pabulangete kapena pamphasa ya fumbi. Akamachedwa kwambiri, onani ngati disiki yadzaza. Pali kawindo kolembamo malamulo kotchedwa terminal, kamene kamatseguka mukadiniza Ctrl, Alt ndi T pamodzi. Lembani df -h ndipo muona malo otsala. Nthawi zambiri mupeza kuti adzaza ndi mafilimu ndi nyimbo.

M'kawindo komweko, lamulo la sudo apt update lotsatidwa ndi sudo apt upgrade limabweretsa zigamba zatsopano zotseka mipata ya akuba. Chitani zimenezi ngakhale kamodzi pamwezi, pamene netiweki yalola. Koma chenjerani ndi mau akuti sudo. Ali ngati chidindo cha amfumu: chimene mwalamula nacho chimachitika popanda wotsutsa. Musalembe lamulo limene simukulimvetsa, makamaka loyamba ndi rm, chifukwa chimene lafufuta sichibwerera. Safunsa anadya phula.

Tinene poyera kuti Linux saukitsa akufa. Disiki ikaonongeka kapena makina akapsa ndi mphenzi, pafunika chipangizo china basi. Ndiponso kwaulere sikutanthauza kopanda thukuta. Ndalama ya chiphaso simulipira, koma mulipira nthawi yophunzira.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Linux sakonzedwa ndi kampani imodzi. Anthu zikwizikwi a m'maiko osiyanasiyana amalembako, ndipo mtima wake umatuluka watsopano pakangotha miyezi iwiri kapena itatu. Si onse amene amalemba mapulogalamu. Ena amangonena molongosoka pamene apeza cholakwika, ena amalemba malangizo, ena amamasulira mau a pasikirini m'zinenero zao. Chipwitikizi chinalowamo chifukwa eni ake anakhala pansi n'kumasulira. Chinyanja chathu, chimene chimayankhulidwa kuno, ku Malawi ndi ku Zambia, chidikira ife. Khomo ndi lotsegula, palibe wopempha chilolezo. Ngakhale chilembo chathu chija cha ŵ chimalembeka: pa mapulogalamu ambiri a Linux dinizani Ctrl, Shift ndi U pamodzi, lembani 175, kenaka Enter. Ana athu amene akuphunzira za makompyuta ku Tete ayambire pamenepa, pakuti malemba onse a pulogalamuyi ali poyera kuti awawerenge, monga mmene mmisiri amaphunzirira injini poimasula.

Pempho langa kwa aphunzitsi aakulu, akuluakulu a zipatala, a mipingo ndi mafumu ndi ili. Musanatumize makina akale kudzala, kapena kuwagulitsa kwa ogula zitsulo, ayeseni ndi fulashi ija. Pamalo paliponse pamene pali kompyuta pasankhidwe anthu awiri, mmodzi akhale mtsikana kapena mayi, oti aphunzire kuika ndi kukonza. Pakhale kope lolembamo vuto lililonse, tsiku lake ndi mmene linathera, kuti wobwera m'mbuyo asayambire pachabe. Fulashi yoikira isungidwe pamodzi ndi kopelo, isabwerekedwe kukaikamo nyimbo za paukwati. Mutu umodzi susenza denga. Tinatha kupanga makomiti a mjigo, sitingalephere izi.

Amene muli ndi mafunso lemberani kalata ku tsamba lino, ndipo musaiwale kutchula mtundu wa makina anu ndi mau enieni amene akuoneka pasikirini. Sabata ya mawa tidzakamba za kasamalidwe ka mabatire a sola. Tsalani bwino.