Diso likakusowetsani tulo, thamangirani kuchipatala

Sabata ino ndalandira kalata ya bambo wina wachinyamata amene akudandaula za mkazi wake. Akuti diso lakumanzere la mayiyo lidafiira masabata awiri apitawo. Adagula mankhwala odonthezera m'maso, apongozi nawo adabwera ndi masamba ofinyira, koma ululu ukungokulirakulira moti mayiyo akumadzuka pakati pa usiku n'kumalira. Funso la bamboyo ndi lakuti, kodi ana awo awiri awasamutsire kwa agogo kuopa kuti angatengere?

Bambo, diso sitipima kudzera m'kalata, komatu zomwe mwalongosolazi zikundiopsa. Musayambe ndi kusamutsa ana. Yambani ndi kuperekeza akazi anu kuchipatala mawa lomweli.

Ambiri tikukumbukira matenda a maso ofiira amene adabuka ku Karonga mu 2024 n'kufalikira m'maboma ena. Amene aja diso limayabwa, limamveka ngati mwalowa mchenga, limatuluka manthongo, ndipo pakatha sabata imodzi kapena awiri limachira. Koma si kufiira konse kumene kuli kotero ayi. Pali nthenda ina yomwe madokotala amaitcha scleritis, kumene kuli kutupa kwa gawo loyera la diso, lomwe ndi lolimba ndipo limakuta pafupifupi diso lonse.

Chizindikiro chake chachikulu ndi ululu. Umamveka m'kati mwenimweni ngati wina akuboola ndi msomali, umafika pachipumi, m'litsipa mpaka m'nsagwada, ndipo umakula usiku. Kuyendetsa diso kapena kulikhudza pamwamba pa chikope kumawawa. Misozi imatuluka, kuwala kumathobwa m'maso, ndipo kufiira kwake kumakhala koderako, nthawi zina kobiriwira. Manthongo sachuluka. Ena amayamba kuona mwachimbuuzi. Kutupako kukakhala kumbuyo kwa diso, munthu amamva ululu koma diso osafiira kwenikweni.

Chimayambitsa n'chiyani? Kawirikawiri ndi chitetezo cha m'thupi chimene chasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwe. Pafupifupi theka la odwala amakhala ndi nthenda ina m'thupi, makamaka nyamakazi yotupitsa mfundo za zala, ija imaumitsa manja m'mawa. Kwa ena gwero lake ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu, chindoko kapena mashingozi, mwinanso kuvulala kwa diso. Nthendayi imakonda akuluakulu, amayi kuposa abambo, ndipo mwa ana siionekaoneka. Kutupa kwa disoko sikupatsirana. Choncho musamusale mnzanu, ndipo musayambe kuloza zala abale kuti amulodza.

Kuchipatala kauzeni dokotala zonse: mfundo zikamawawa, mukamatsokomola, mukamatuluka thukuta usiku, kapena ngati mudakhalapo ndi chilonda kumaliseche. Akapempha kuyeza magazi, vomerani. Zikapezeka kuti ndi chindoko, nonse awiri mulandire mankhwala, ndipo milandu ya m'banja mudzakambe diso litapola. Ngati kuchipatala chapafupi kulibe wodziwa za maso, pemphani kalata yopitira kuchipatala cha boma lanu. Madokotala a maso amapezekanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Nkhoma.

Mankhwala odonthezera paokha sachiza nthendayi. Pamafunika akumwa. Ikakhala yocheperako, dokotala amapereka ochepetsa kutupa monga ibuprofen kapena indomethacin. Ikakula amapereka prednisolone, ndipo ena amafunika amphamvu monga methotrexate kwa miyezi yambiri. Koma chonde musakagule nokha. Ngati gwero ndi tizilombo, prednisolone yekha amangokolezera moto. Ibuprofen amavuta kwa amene ali ndi zilonda zam'mimba kapena vuto la impso. Inu amayi oyembekezera, oyamwitsa, ngakhalenso amene mukufuna mwana, nenani msanga, chifukwa methotrexate amavulaza mwana wosabadwa. Ndipo amene mwayamba prednisolone musamusiye mwadzidzidzi poti ululu watha. Dokotala ndiye amachepetsa pang'onopang'ono.

Za mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a shuga ndi masamba, izi ndiye ayi ndithu. Zimangolowetsa tizilombo m'diso lomwe ladwala kale. Scleritis ikalekereredwa, gawo loyera lija limatha kupyapyala mpaka kubooka, ndipo munthu amachita khungu. Ikagwidwa msanga, ambiri amapitiriza kuona bwinobwino.

Bambo inu, apongozi alemekezeni, koma auzeni mwaulemu kuti masamba aja aimitse kaye. Mawa tapemphani tchuthi kuntchito, ana muwasiye ndi achemwali, inu mugwire mkono akazi anu. Paja safunsa adadya phula, ndiye mwachita bwino kufunsa. Mudzandilemberenso kuti kuchipatalako adapeza chiyani.

Tikumanenso Lamulungu likudzali.