Makoswe akamafa okha tichenjere

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni ndichenjeze abale anga a kuno kwa Malemia ndi madera ena za mliri wa makoswe. Matendawa si achilendo kwathu kuno: anavuta ku Nsanje mu 1997 ndi mu 2002, komanso ku Nyimba m'dziko la Zambia mu 2015.

Kachilombo kake kamakhala m'makoswe ndi mbewa. Khoswe wodwala akafa, nthata zake zimasowa poyamwa magazi, ndiye zimadzaluma munthu. N'chifukwa chake kupha makoswe ndi mankhwala nthata zisanaphedwe ndi kudziputira matenda.

Mliriwu uli mitundu itatu. Woyamba umatupitsa mwanabere m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi, thupi likutentha kwambiri. Wachiwiri umalowa m'magazi. Wachitatu, woopsa zedi, umagwira mapapo ndipo anthu amapatsirana potsokomola, popanda nthata. Mliri umene unapha anthu oposa 200 ku Madagascar mu 2017 unali makamaka wa mtundu umenewu.

Tsono mukaona makoswe akufa okha m'nyumba kapena m'nkhokwe, musawagwire ndi manja, koma dziwitsani alangizi a zaumoyo. Ana asatole mbewa yodzifera. Wodwala apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti mankhwala alipo ndipo amachiza munthu akawalandira msanga.

Abusa, ansembe ndi mashehe, chonde lengezani izi pa mapemphero. Ndipo munthu akamwalira ndi matendawa, adzukulu asasambitse mtembo asanamve malangizo a achipatala.

Wokhudzidwa,
Malemia, Domasi.