Dimba la Pakhomo Lisayambire ku Sitolo

Kuyambira m'chaka cha 2019 bungwe la Blantyre Water Board lakhala likutenga madzi a mumtsinje wa Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndi kuwapititsa m'mipope ku Nguludi, kumene amayeretsedwa kuti akamwedwe mumzinda wa Blantyre. Ngati madzi amenewa angathe kuyenda ulendo wautali chotere, n'zomvetsa chisoni kuti pali makomo ena pafupi ndi mtsinje womwewo amene alibe ngakhale bedi limodzi la ndiwo zamasamba, ndipo eni ake amayenda mpaka ku Chitakale kukagula mpiru ndi matimati.

Aliyense wolandira malipiro a pamwezi akudziwa m'mene ndalama yathu yapepukira. Mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 alionse mu May 2022, ndiponso ndi magawo 44 mu November 2023. Ndalama ya ndiwo imatuluka tsiku ndi tsiku mosaonekera, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Motero dimba la kuseri kwa nyumba si ntchito yongotayitsira nthawi ayi.

Komabe tiyenera kuchenjeza kuti si dimba lililonse limene limapulumutsa ndalama. Munthu akagula mbewu ya m'mapaketi, nagula feteleza, naonjezanso mankhwala ophera tizilombo pofuna kukolola kabichi wochepa chabe, ameneyo wangosamutsa ndalama yake kuchoka kumsika kupita kusitolo. Dimba lopindulitsa ndi limene limadalira zinthu zopezeka pakhomo pomwepo.

Choyamba ndi mbewu. Bonongwe, nkhwani, chisoso, luni, therere, khwanya ndi kholowa n'zozolowera nthaka yathu, sizivuta kusamala, ndipo mbewu yake munthu amasunga yekha chaka ndi chaka. Chinangwa ndi nandolo, zimene anthu a ku Mulanje amalima kale, zimapereka chigwada ndi ndiwo zomanga thupi. Kunyoza ndiwo zimenezi kuti n'zachimidzi ndi umbuli umene umawonongetsa ndalama.

Chachiwiri ndi chonde. Zinyalala zimene timazitentha m'mawa uliwonse tikasesa, pamodzi ndi zitosi za nkhuku, ndowe za mbuzi ndi phulusa la kukhitchini, ndiwo manyowa amene dimba likufuna. Amene ali ndi feteleza wochepa angathe kumuchulukitsa popanga manyowa a Mbeya, posakaniza fetelezayo ndi madeya, phulusa ndi ndowe, n'kuzitsekera m'thumba kwa masabata atatu. Kuphimbira mabedi ndi udzu kumasunga chinyontho, ndipo madzi otsukira mpunga kapena ndiwo asatayidwe pabwalo. Ndiwo zikachuluka m'dzinja, tifutse ndi kusunga mfutso wodzadya m'chilimwe, monga ankachitira makolo athu.

Ena adzanena kuti malo ndi ochepa, popeza nthaka yambiri yachonde m'bomali ili ndi minda ya tiyi ndipo anthu ndi ochuluka. Izi n'zoona, koma ndicho chifukwa chenicheni chosasiyira kachigawo kalikonse ka pakhomo kuti kamere tchire. Yankho la kuchepa kwa malo si kukalima m'gombe mwenimweni mwa mtsinje kapena kulowerera nkhalango ya m'phiri. Namondwe wa Freddy, amene adasakaza Mulanje ndi Phalombe mu March 2023, adatikumbutsa mphamvu ya madzi otsika m'phiri limeneli. Dimba likhale pafupi ndi nyumba, ndipo mitengo ya m'mbali mwa mtsinje isiyidwe.

Tikupempha aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma kuti atsogolere pa nkhani imeneyi. Mwana amene wamva phunziro la zaulimi m'kalasi amayang'ananso kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wake, ndipo akapezako tchire lokhalokha, phunzirolo lafera pomwepo. Sukulu iliyonse ikhale ndi dimba ndi dzenje la manyowa, ndipo ana adyeko zimene alima. Alangizi a zaulimi nawonso aziyamba kufunsa zimene banja lili nazo asanatchule zimene liyenera kugula. Tikatero, ndalama ya ndiwo idzatsala kuti igule makope, sopo ndi mchere.