Dzina lopanda mfunda silikhalitsa m'pulogalamu ya kompyuta

Dzina loti Ekurhuleni ndi la Chitsonga ndipo limatanthauza malo a mtendere. Linaperekedwa m'chaka cha 2000, pamene matauni a East Rand monga Germiston, Benoni, Boksburg, Springs ndi Kempton Park anaikidwa pansi pa khonsolo imodzi pamodzi ndi Tembisa, Katlehong ndi Daveyton, kumene olankhula Chichewa ambiri ochokera kumpoto kwa Limpopo akhala akupeza pogona. Komabe dzina la mtendereli likalembedwa m'zilembo zazikulu mkati mwa pulogalamu ya kompyuta ya m'chinenero cha C, limakhala kuti laponda m'munda wa eni. Malamulo a chinenerochi amati dzina lililonse loyamba ndi E wamkulu, motsatiridwa ndi chilembo china chachikulu kapena nambala, ndi losungidwira fayilo ya errno.h, imene imasunga mayina a zolakwika monga ERANGE ndi EDOM. Choncho amene waitana fayiloyi m'pulogalamu yake saloledwa kutcha chinthu chake EKURHULENI, EDENVALE kapena ETWATWA. Ngakhale EYA, mawu ovomera amene mwana amawadziwa asanapite ku sukulu, ali m'gulu lomwelo.

Nkhaniyi ikhoza kumveka ngati nthabwala ya akatswiri, ndipo n'zoona kuti palibe laibulale yodziwika ya C imene ili ndi dzina loti EKURHULENI, moti compiler imangolilandira osadandaula. Koma kuseri kwake kuli funso limene si lachilendo kwa eni chinenero chotchedwa Chichewa ku Lilongwe ndi Chinyanja ku Chipata: pamene anthu ambiri akugwiritsa ntchito bwalo limodzi, dzina ndi la yani, ndipo awiri akalimbirana dzina limodzi, woyenera kusintha ndani?

Chinenero cha C chinapangidwa ndi Dennis Ritchie ku Bell Labs kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo malamulo ake oyamba ovomerezeka anatuluka mu 1989. Mpaka lero mbali yaikulu ya Linux, imene ndiyo maziko a mafoni a Android, ndi yolembedwa mu C. Wolemba pulogalamu sapanga chida chilichonse payekha. Amabwereka zida zopangidwa kale m'laibulale imene imabwera ndi chinenerocho, ndipo pofuna kubwereka amalemba mzere wonga #include <math.h>. Fayilo yoitanidwa motere imatchedwa header. Chimene ophunzira ambiri sauzidwa msanga n'chakuti mzerewu subweretsa chida chimodzi chokha chimene munthu akuchifuna. Umakopera fayilo yonse, pamodzi ndi mafayilo ena amene iyoyo imaitana, n'kukhuthulira zonsezo pamwamba pa pulogalamu. Zili ngati kuitana mlendo mmodzi kuti adzadye nsima, iye n'kutulukira ndi mudzi wonse, ena mwa alendowo n'kukhala a dzina limodzi ndi ana a pakhomopo.

Wophunzira amene akuwerengetsa mtunda wa pakati pa malo awiri amalemba x1, y1, x2 ndi y2, monga anaphunzirira ku sekondale. Akaika mayinawa poyera, kunja kwa function iliyonse, compiler ya pa Linux imalandira atatuwo n'kukana y1 yekha. Chifukwa chake n'chakuti math.h inatenga kale y0, y1, yn, j0, j1 ndi jn kukhala mayina a masamu a Friedrich Bessel, katswiri wa zakuthambo wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1800. Wophunzirayo sanamvepo za Bessel ndipo sakumufuna. Uthenga wa compiler suyamba ndi kunena kuti dzinalo lili ndi mwini. Umangoti lalengezedwanso ngati chinthu cha mtundu wina. Usiku ukhoza kutha, bandulo nayo n'kutha, munthu akusakasaka cholakwika m'masamu opanda cholakwika.

Pamenepo wina akhoza kunena kuti wobwera mochedwa ayenera kulemekeza amene anamupeza. Vuto n'lakuti laibulale nayo imakula, ndipo ikamakula imalanda mayina amene anthu ankawagwiritsa ntchito kale mwamtendere. Buku la Brian Kernighan ndi Ritchie la mu 1978, limene linaphunzitsa C mibadwo ingapo, lili ndi chitsanzo cha function yotchedwa getline, ndipo ophunzira osawerengeka anaikopera. Mu 2008 malamulo a POSIX analandira getline yawoyawo, yolembedwa mosiyana, ndipo kuyambira mu 2009 laibulale ya glibc inayamba kuionetsa poyera mu stdio.h. Chitsanzo cha m'buku la mwini chinenero chinayamba kukanidwa ndi compiler. Zinabwerezeka mu 2019, pamene glibc 2.30 inawonjezera gettid: mapulogalamu amene anali ndi gettid yawo, kuphatikizapo gRPC ya kampani ya Google, anasiya kumangika mpaka eni ake atasintha dzina. Palibe amene analakwitsa mzere. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa nkhani ya mayinayi wotsekula chitseko nthawi zonse amakhala mwini pulogalamu, ngakhale atakhala kuti ndiye anayamba kufika.

Pali maganizo amene amakopa okonda chinenero chawo, akuti njira yothawira mkanganowu ndi kutcha zinthu za m'pulogalamu mayina a Chichewa. Maganizowa ali ndi choonadi chambiri. Mayina a m'laibulale ndi ochokera ku Chingerezi, choncho wolemba mndandanda, chiwerengero, ngongole kapena mtunda sangagundane ndi aliyense, pamene mnzake wolemba index kapena time ali pachiswe. Komanso pulogalamu yoti adzaiwerenge olankhula Chichewa imamveka bwino m'mawu awo. Koma chitetezo chimenechi n'chamwayi chabe, si cha lamulo. Olemba malamulo a C anasungira tsogolo mayina onse a function oyamba ndi is, to, str, mem ndi wcs motsatiridwa ndi chilembo chaching'ono. Iwo ankaganiza za isdigit, toupper ndi memcpy. Sanaganize kuti kwinakwake kuli chinenero chimene chili ndi tola, tonse, tonthola ndi memeza. Bungwe la maliro la Amalawi a ku Tembisa, lotolera ndalama zotumizira thupi kumudzi, litafuna kapulogalamu kosunga kaundula wake, mayina awiri oyamba kubwera m'mutu akhoza kukhala membala ndi tolera, ndipo onse awiri ali m'munda wosungidwawo. Malamulo atsopano a C23 anafewetsako mpandawu, n'kunena kuti mayina otere angathe kudzatengedwa mtsogolo koma saletsedwa lero. Kumeneku n'kuvomereza mochedwa kuti mpanda unazungulira malo aakulu kuposa munda weniweni.

Chitetezo chenicheni Achewa anachidziwa kale kompyuta isanabadwe. M'mudzi mmene muli a Yohane atatu simukhala chisokonezo, chifukwa wina ndi Phiri, wina ndi Banda, wina ndi Mwale. Mfunda, umene ena amati chiwongo, ndiwo umalola kuti dzina limodzi ligwire ntchito m'mabanja ambiri popanda ndewu. Malaibulale olembedwa mosamala mu C amachita chimodzimodzi: mayina onse a SQLite amayamba ndi sqlite3_, a libpng ndi png_, a GTK ndi gtk_. Chinenero cha C++, chimene Bjarne Stroustrup anachimanga pamwamba pa C, chinasandutsa mwambowu kukhala lamulo lotchedwa namespace, ndipo m'malamulo ake a mu 1998 laibulale yake inapatsidwa mfunda wa std. Dzina lathunthu la chida chowerengera zinthu ndi std::count, ndipo munthu akhoza kukhala ndi count yakeyake popanda kukangana nayo.

Ngakhale zizindikiro za zinenero zimayendera nzeru yomweyi. Pa mndandanda wa bungwe la ISO, chizindikiro cha Chichewa ndi ny, pakuti ch ndi cha Chamorro, chinenero cha ku Guam. Pa mndandanda wa mayiko, CH ndi Switzerland. Ziwirizi sizigundana chifukwa chilichonse chili ndi mndandanda wake.

N'chifukwa chake mzere woti using namespace std, umene aphunzitsi ndi makanema ambiri ophunzitsa amauika pamwamba pa phunziro loyamba, uyenera kutsutsidwa mosabisa mawu. Ntchito yake ndi kuvula mfunda mayina onse a laibulale kuti wolemba apulumutse zilembo zisanu. Pa tsiku loyamba sipaoneka choipa. Koma mayina ofala monga count, distance, size ndi data amalowa m'bwalo limodzi ndi a wolembayo, ndipo chilichonse chimene komiti idzawonjezere mtsogolo chidzalowanso chosagogoda. Mu 2017 C++ inawonjezera std::byte. Ma header a Windows anali kale ndi byte yawo, ndipo mapulogalamu ambiri okhala ndi mzere uja anayamba kukanidwa chifukwa compiler sinadziwe kuti ndi byte iti imene ikutchulidwa. Mphunzitsi amene amazoloweza wophunzira mzerewu amamupatsa ngongole imene adzabweza patapita zaka, mphunzitsiyo ali kutali.

Komabe si chilungamo kusenzetsa wophunzira mtolo wonse. Eni laibulale ali ndi udindo waukulu, chifukwa dzina limodzi limene iwo atenga limakhudza mapulogalamu a dziko lonse. Kuti n'zotheka kuchita mwaulemu zinaoneka mu 1999, pamene komiti ya C inkafuna kuwonjezera mtundu wa zinthu zongoyankha inde kapena ayi. Dzina loyenera linali bool, koma anthu ambiri anali atalipanga kale paokha. Komitiyo inasankha dzina losakongola la _Bool, lochokera m'gawo limene inali itadzisungira kuyambira pachiyambi, ndipo bool inaperekedwa kwa okhawo oitana stdbool.h. Panapita zaka zoposa 20 bool isanakhale mawu a chinenero chenicheni mu C23, ndipo ngakhale panali chenjezo lalitali chotero, GCC 15 itatuluka mu 2025 n'kuyamba kutsatira C23 yosauzidwa, mapulogalamu ena akale anagwabe. Dzina limene makina amalidalira silisinthika ngati chikwangwani cha pamsewu. Bwalo la ndege la ku Kempton Park linatchedwa O. R. Tambo mu 2006, koma chizindikiro chake cha oyendetsa ndege chinakhalabe FAJS, chokumbutsa Jan Smuts, mpaka mu 2013, ndipo pa chikwama cha wokwera kuchokera ku Chileka pamalembedwabe JNB.

Mwano weniweni uli ndi mtundu wa dzina wotchedwa macro. Macro imasinthidwa compiler isanayambe kuwerenga tanthauzo la pulogalamu, choncho sidziwa mfunda wa munthu aliyense. Paliponse pamene yapeza zilembo zake imazidya. Kwa zaka zambiri header ya sys/types.h pa Linux inkalowetsa mwakachetechete major ndi minor, mawu amene aliyense wolemba nambala ya mtundu wa pulogalamu amawafuna, ndipo glibc inazichotsa mu 2018 itachenjeza kaye. Header ya windows.h ya kampani ya Microsoft ikadali ndi min ndi max. Wolemba pulogalamu ya bungwe la maliro lija akhoza kuchita zonse moyenera, kukana using namespace std, kuika mayina ake onse pansi pa namespace maliro, n'kutchula std::max ndi mfunda wake wonse. Akangoitana windows.h, max ija imadyedwa pomwepo ndipo compiler imaloza mzere wosalakwa. Kuti apulumuke ayenera kulemba #define NOMINMAX pamwamba pa #include, ndipo akasinthanitsa mizere iwiriyi, sizigwira.