Pulojekiti ikatha, kalabu itsale

Kumudzi kwathu ku Ntcheu, pafupi ndi bwalo la mpira, pali chikwangwani chachitsulo chomwe utoto wake unasuluka. Ukayandikira umawerengabe dzina la kalabu ya achinyamata ndi la bungwe lomwe linkaithandiza. Mwezi wathawu, nditapita kukapepesa maliro, ndinafunsa mphwanga za kalabuyo. Anangoti, "Achimwene, inatha tsiku lomwe galimoto ya bungwe ija inasiya kubwera."

Kalabuyo ndinkaidziwa bwino. Anali anyamata ndi atsikana pafupifupi makumi atatu, ochita masewero a Edzi ndi maukwati a ana, ndipo pamsika anthu ankasiya malonda kukawaonerera. Analinso ndi dimba m'mbali mwa mtsinje lomwe a nyakwawa anawabwereka. Bungwe litafika linawagawira matisheti, n'kutenga wapampando ndi mlembi kupita nawo ku maphunziro a masiku atatu kunyanja, kumene anabwerako ndi alawansi ndi satifiketi. Koma chomwe anawo ankapempha pa msonkhano uliwonse chinali mpope wopalasa ndi mbewu ya tomato, kuti dimba lizibweretsa ndalama ya kalabu. Yankho linali limodzimodzi: zimenezo mulibe mu bajeti ya pulojekiti. Zaka zitatu zitakwana, pulojekiti inatsekedwa. Wapampando uja lero ali pa kabaza ku Lilongwe, ena angapo analowera ku Joni.

Sindikunena kuti ogwira ntchito m'mabungwe omwe si aboma ndi anthu oipa mtima. Ambiri amamangidwa manja ndi eni ndalama akunja, omwe amalemberatu chochita, nthawi yochitira ndi chiwerengero cha anthu oti afikiridwe. Ndipo pali mabungwe omwe anazika mizu. YONECO inayamba ku Zomba mu 1997, ndipo mpaka pano mwana wozunzidwa amatha kuimba nambala ya 116 n'kupeza womumvera. Koma tinaona tokha mu Januwale 2025, dziko la America litaimitsa thandizo lake, momwe ntchito zambiri zinazimira ngati nyali yothera mafuta. Thandizo lomwe kiyi wake ali kutsidya kwa nyanja silingakhale mzati wa ana athu.

Mzatiwo uyenera kukhala boma, ndipo papepala zonse zilipo. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National Youth Council of Malawi mu 1996 kuti lizilembetsa ndi kuyang'anira magulu a achinyamata. Ndondomeko ya dziko imati wachinyamata ndi wazaka 10 mpaka 35. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo theka la ife linali lisanakwanitse zaka 18. Paboma lililonse pali ofesi ya achinyamata. Koma funsani makalabu akumidzi kuti mlangizi wa ofesiyo anawayendera liti, mudzamva kuti amafika pokhapokha bungwe lina likamuthirira mafuta. Munthu mmodzi kapena awiri sangazungulire boma lonse wapansi.

Ndalama zikuluzikulu boma lakhala likuziika ku ngongole. Mu 2010 malemu Bingu wa Mutharika anakhazikitsa thumba la YEDEF ndi K3 biliyoni. Pambuyo pake linaphatikizidwa ndi thumba lina la ngongole la MARDEF n'kukhala MEDF, ndipo mu 2020 dzina linasinthanso kukhala NEEF. Maina asintha, koma dandaulo la achinyamata silinasinthe: kuti wovala nsalu ya chipani cholamula ndiye amayamba kulandira, ndipo ambiri olandirawo amaiyesa mphatso yothokoza pa kampeni, osabweza. Woluza ndi mtsikana wosoka zovala pakhonde la golosale, yemwe akanabweza tambala iliyonse koma alibe womutchulira dzina.

Akuluakulu ena akamva zotere amayamba kukumbuka apayoniya. Zoona, gulu la Malawi Young Pioneers, lomwe linayamba mu 1963, linali ndi malo ophunzitsira monga Nasawa ku Zomba ndi Amalika ku Thyolo, kumene achinyamata ankaphunzira ulimi ndi ntchito zamanja. Koma gulu lomwelo linasanduka chikwapu cha chipani, anthu n'kumaliopa m'misika ndi m'mabasi, mpaka asilikali analilanda zida mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani. Ine sindilakalaka masiku amenewo, ndipo makadeti a zipani za lero amandikumbutsa chifukwa chake. Boma likamathandiza achinyamata n'cholinga choti likhale mwini wawo, mapeto ake ndi zikwanje. Chomwe akuluakuluwo amasowa kwenikweni, ndikuganiza, n'chakuti panali malo, panali munda, panali mphunzitsi, ndipo chaka chotsatira zinthuzo zimapezeka zilipobe.

Kukhalitsa kumeneko n'kotheka popanda yunifolomu ya chipani. Khonsolo iliyonse itapatula kandalama kochepa chaka ndi chaka ka makalabu olembetsedwa, maina a olandira ndi kuchuluka kwa ndalama n'kumatidwa pa bolodi kuti aliyense awerenge, zambiri zingasinthe. Mtengo wa wekishopu imodzi ya kuhotela, ukawerengera malo ogona, chakudya ndi mafuta, ungagule mipope ya makalabu angapo. Thumba la chitukuko cha m'madera la CDF limamanga milatho ndi midadada ya sukulu; palibe choletsa kuti limangenso kachipinda koti kalabu izisungiramo zida ndi mabuku. Mafumu akapereka dimba, apereke ndi kalata, kuti mbewu zikacha wina asatulukire n'kunena kuti malowo ndi a malume ake. Ndipo bungwe lisanalembe pempho la ndalama, liyambe lakhala pansi pa mtengo ndi eni makalabuwo, limve chomwe akufuna, lifunsenso kuti chidzatsale n'chiyani galimoto ikadzasiya kubwera.

Achinyamata nanunso ndikuuzeni chilungamo. Pali makalabu omwe amabadwa Lolemba chifukwa kwamveka kuti Lachitatu kukubwera alendo. Otero sayenera tambala ya munthu. Koma si onse. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu Malichi 2023, anyamata a m'deralo ndiwo anayamba kufukula anthu ndi makasu ndi manja, palibe anawalonjeza alawansi. Mtima wogwira ntchito ulipo kale; sitiyenera kuchita kuugula.

Ndisananyamuke kumudzi, mphwanga ananditengera kumtsinje. Dimba lija lilipo, ndipo asanu ndi mmodzi mwa mamembala akale amakumanabe Loweruka lililonse, kuthirira mpiru ndi tomato ndi makheni. Alibenso dzina, alibe chikwangwani chatsopano, koma ali ndi kope lolembamo zomwe agulitsa. A khansala ndi a phungu athu, musanakhale pansi kugawa ndalama za chitukuko za chaka chino, tsikirani kumadimba a m'madera mwanu Loweruka m'mawa, mukaone omwe akugwira ntchito, muwafunse chomwe akusowa.