Firiji ya pa batire: zimene tinaphunzira ku misasa

Chaka chatha alamu anga anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto imene ana a m'dera lathu anaizungulira tsiku lonse. Kunja ndi minibasi wamba, koma mkati muli bedi, kasinki, mbaula ya gasi ndi kafiriji ka malita 40. Kumeneko amaitcha campervan. Anabwera nayo kuti atengere mayi awo, apongozi anga, ku msonkhano wa misasa, akagone pabwino sabata yonse. Apongozi ali ndi matenda a shuga ndipo amadzibaya insulini kawiri pa tsiku, choncho kafirijiko titakaona tinati nkhawa yathu ya chaka ndi chaka yatha.

Tinafika Lamlungu madzulo pamalo opanda magetsi. Lachiwiri m'mawa tinapeza firiji itazima, mkaka utasasa, galimoto nayo ikukana kulira. Batire inali imodzi, yomweyo yolizira injini, ndipo firiji, nyali ndi mafoni a anansi athu zinali zitaimwa yonse. Atatilizira ndi galimoto ina, alamu anandiuza kuti, "Alamu, musadandaule, nditsitsa kwambiri kuti zizizire msanga." Anatsitsadi mpaka pansi pa 0, injini ikulira. Pofika madzulo botolo la madzi linali litaundana, ndipo kabotolo ka insulini kamene kanatsamira khoma la firiji kanaundananso. Namwino wina amene anali pamsonkhanopo anakayang'ana n'kupukusa mutu. Anati kutentha kwa usiku umodzi sikukanakawononga, koma poti kaundana, katayidwe. M'mawa mwake anzathu ali pa maphunziro, ife tinali pamzere kuchipatala.

Safunsa anadya phula. Kuchokera pamenepo ndafunsafunsa kwa amisiri a magetsi a sola, ndipo popeza mabanja ambiri tsopano akugula timafiriji totere, a pa ulendo ngakhalenso a pakhomo, ndati tigawane.

Mafiriji si ofanana

Firiji yoyenera batire ndi ya 12V yokhala ndi kompresa. Kompresa yake imalira kanthawi n'kupuma, monga ya firiji ya m'nyumba. Ikamalira imakoka ma amp 3 mpaka 5, koma ikapuma siidya kanthu.

Palinso mabokosi otchipa olumikiza pa soketi ya m'galimoto, amene mumangomva kafani kakuzungulira. Awa chikomekome cha mkuyu. Amakoka ma amp 4 kapena 5 osapuma usana ndi usiku, ndipo amangotsitsa kutentha ndi madigiri 15 mpaka 20 kuchokera pa kutentha kwa kunja. Kunja kukakhala 35°C, mkati mumakhala 15°C kapena kuposa, pamene chakudya chimawonongeka ndithu.

Mtundu wachitatu ndi wa mafiriji oyendera gasi, magetsi a m'nyumba kapena batire. Pa batire amadya kwambiri, moti njirayo ndi yogwiritsa ntchito galimoto ikuyenda basi. Pa gasi amafuna aime mowongoka, ndipo utsi wake uzituluka kunja. Musamagone nawo m'hema kapena m'galimoto yotseka, chifukwa mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo koma umapha anthu ali mtulo.

Nanga firiji ya m'nyumba pa inverter? Imatheka, koma inverter imataya gawo la mphamvu, imadya ngakhale firiji ikupuma, ndipo kompresa ikamayamba imafuna mphamvu yochuluka kangapo kuposa yolembedwa pa chikwangwani chake. Pa batire imodzi simupita nayo patali.

Masamu ake ndi osavuta

Batire tiziiona ngati ndowa ya madzi. Kukula kwa ndowayo kumalembedwa ndi zilembo za Ah. Kupeza zimene firiji imamwa pa tsiku, chulukitsani ma amp ndi maola amene kompresa imalira. Tinene kuti imakoka ma amp 4. Kukakhala kozizira ngati m'mwezi wa Juni, ingalire maola 8 pa maola 24, ndiye kuti 32Ah. M'kutentha kwa Okutobala, makamaka kunyanja kapena ku Chigwa cha Shire, ingalire maola 12, ndiye kuti 48Ah. Titenge pakati, 40Ah pa tsiku. Sabata yonse ndi 280Ah, tisanawerengere nyali ndi mafoni.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa: ndowayi siitungidwa mpaka pansi. Batire ya asidi, kaya ya madzi, ya jelo kapena ya AGM, muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha ngati mukufuna ikhalitse. Ya 100Ah imakupatsani 50Ah, kutanthauza tsiku limodzi ndi kagawo. Ya lithium, imene amailemba kuti LiFePO4, imalola kutunga 80Ah kapena kuposerapo pa 100Ah, ndiye masiku awiri. Ndi yodula, koma ndi yopepuka ndipo imakhala zaka zambiri.

Batire yolizira galimoto ndiye ayi. Inapangidwa kuti ipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa, injini n'kuibwezera pomwepo. Mukaiumitsa kangapo imafa. Firiji ikhale ndi batire yakeyake, ya mtundu wa deep cycle, ngati imene timaika pa sola. Ngati mukufuna kuti injini izitchaja mabatire onse awiri, mmisiri aike kachipangizo kowalekanitsa injini ikazima, kuti firiji isakhudze yolizira.

Kudzaza ndowa

Palibe batire imodzi imene ingakufikitseni Lamlungu linalo popanda kuitchaja. Mwayi wathu ndi wakuti misasa imachitika nyengo yadzuwa. Sola ya 100W imapereka pafupifupi 25 mpaka 30Ah pa tsiku lowala bwino. Choncho firiji yomwa 40Ah imafuna sola ya 150W kapena 200W, kuti kukachita mitambo kapena chiperoni musagwidwe njakata. Pakati pa sola ndi batire pakhale kontirola nthawi zonse. Ya MPPT imakolola zambiri kuposa ya PWM, ngakhale ndi yokwera mtengo.

Sola yonyamulika yokhala ndi waya wautali ndi yabwino kuposa yomangirira padenga, chifukwa galimoto imakhala pamthunzi, sola ili padzuwa. Muziitembenuza kawiri kapena katatu pa tsiku, ndi kuipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Mthunzi wa nthambi imodzi wokha umachepetsa mphamvu kwambiri. Kuliza injini theka la ola sikudzaza batire ya asidi, imene imafuna maola angapo. Mumangotha mafuta ndi kusokoneza anzanu ndi utsi.

Gulani kamita koyezera mphamvu. Batire ya asidi muziiyeza itapuma kwa kanthawi, yosalumikizidwa ku chilichonse. Ikaonetsa 12.6V kapena 12.7V ndi yodzaza. Pa 12.2V yafika theka, ndiye nthawi yotchaja. Pansi pa 12.0V mukuipweteka. Ya lithium nambala zake sizitsika mpaka itatsala pang'ono kutha, choncho dalirani choonetsera chake.

Mawaya akhale onenepa ndi aafupi. Waya woonda amataya mphamvu panjira, firiji n'kumadzizimitsa ngati batire yatha pamene ikadali ndi moyo. Pafupi ndi mutu wa batire wa chizindikiro cha + pakhale fyuzi, chifukwa waya akapalika n'kugunda chitsulo amayaka moto nthawi yomweyo. Batire ya madzi ikamatchajidwa imatulutsa mpweya woyaka, ndiye ikhale popita mphepo, kutali ndi kandulo ndi mbaula, komanso posafika ana.

Kuchepetsa ludzu la firiji

Ilumikizeni ku magetsi a m'nyumba usiku woti mawa mukunyamuka, ndipo muikemo zinthu zozizira kale. Pamsasa ikhale pamthunzi, mabowo ake otulutsira kutentha asatsekedwe ndi zikwama kapena mabulangete. Galimoto yotseka mawindo padzuwa imasanduka uvuni. Madzi akumwa a ana muwasunge mu mtsuko kapena m'bokosi lina, kuti firiji isamatsegulidwe mphindi iliyonse. Ndipo iikeni pa 4°C. Kutsitsa kupitirira apo n'kungotha batire.

Chakudya ndi mankhwala

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri, chisungidwe pansi pa 5°C, ndipo chotentha chikhale pamwamba pa 60°C mpaka nthawi yodya. Pakati pa nambala ziwirizi tizilombo totsegula m'mimba timaswana mwachangu. Izi zikutikhudza kwambiri ife amene timaphikiratu Lachisanu chakudya cha pa Sabata. Nyemba, mpunga, nyama ya soya ndi ndiwo zotendera muzigawe m'timabakuli tating'ono tovundikira kuti zizizire msanga, kenaka mulowetse. Mphika wotentha usalowe m'firiji. Mukapeza kuti firiji inazima usiku ndipo zakudya zafunda, musadalire mphuno. Chakudya chingathe kudwalitsa chisanayambe kununkha. Kutaya mbale ya nyemba n'kowawa, koma mwana wotsegula m'mimba pamalo a anthu mazanamazana, zimbudzi zili zochepa, ndi vuto la msasa wonse.

Insulini yosatsegula imasungidwa pakati pa 2°C ndi 8°C. Isaundane, ndipo ikaundana isagwiritsidwenso ntchito ngakhale itasungunuka, chifukwa mphamvu yake siidalirikanso. Muiike m'kabokosi kake, pamwamba, kutali ndi makoma a firiji ndi mabotolo oundana. Nambala ya pa firiji siifanana nthawi zonse ndi kuzizira kwa pakona iliyonse, choncho ikani kachoyezera kutentha pafupi ndi mankhwalawo.

Kabotolo kamene mwayamba kale kugwiritsa ntchito sikafuna firiji kwenikweni. Mitundu yambiri imakhala masiku 28 pamalo osatentha kwambiri, ndipo kapepala ka m'bokosi kamanena malire ake. Mu 2021 akatswiri a ku University of Geneva pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anafalitsa kafukufuku wotsanzira nyengo ya pamsasa wa anthu othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, kumene kutentha kumasinthasintha pakati pa 25°C ndi 37°C. Anapeza kuti insulini inasunga mphamvu yake kwa masabata anayi. Izi sizikutipatsa chilolezo choisiya padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Zikungotiuza kuti firiji ikazima tisachite phuma. Ikani mankhwala mu mtsuko wadothi wouzunguliza ndi mchenga wonyowa, pamthunzi popita mphepo, muyeze shuga pafupipafupi, ndipo mufunse namwino kapena dokotala. Musananyamuke, dziwani chipatala chapafupi ndi kumene mukupita, ndipo tengani buku la kuchipatala la wodwalayo.

Chaka chino alamu abweranso. Awonjezera batire yachiwiri ndi sola ya 200W, ndipo sabata yatha tinayesa zonse pakhomo kwa masiku atatu, firiji itadzaza, tikulemba nambala za kamita m'mawa ndi madzulo. Inunso yesani chimodzimodzi musanamange katundu, kuti vuto likaoneka lioneke muli pafupi ndi mmisiri. Apongozi nawo aika lamulo lawo: batani la firiji palibe wolikhudza koma ine, ndipo kamtsuko kawo kadothi kakwera nawo m'galimoto, sola ikhalepo kapena ayi.